Kasingano Kasiya Kulira

Ku loji, 28 Ogasiti

Timba mwana wanga,

Landira moni pamodzi ndi bambo akunyumba kwako ndi adzukulu anga awiriwo. Kuno ndili bwino, kupatula bondo lakumanzere lomwe layamba kudandaula pa chitunda. Kalata yako yomaliza inafika mu Juni. Kodi kutauniko mapepala anatha? Usandiuze za foni. Mafoni anuwa amadya mawu, munthu umangomva theka, ndiponso kuti upeze netiweki kuno mpaka ukwere pamwala wa kuseri kwa thanki ngati nyani. Lemba basi, a Sachedwa amatsika ndi galimoto ya loji Lachisanu lililonse.

Alendo chaka chino achuluka, zipinda zonse zisanu ndi zitatu n'zodzaza. Ndimawagogodera kusanayere, amamwa tiyi wa amalume ako ataimirira pakhonde, magalasi oonera patali ali m'khosi, kenako timakwera njira ya kumathithi nkhungu isanachoke. Ambiri amafuna kuona zonse tsiku limodzi. Ndimawauza zomwe ndakhala ndikuuza anzawo zaka makumi atatu ndi chimodzi, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhulukulu amaziona, gogomole amamujambula mpaka kutopa, amabwerera ku loji nsapato zili matope koma akusekerera.

Komabe onse chomwe amadzera ndi chimodzi, kambalame kathu kaja, Kasingano. Iwo ali ndi dzina lake lalitali la m'mabuku, ine ndikugwiritsabe lomwe malemu amayi ako anakapatsa chifukwa cha kamawu kake kowonda. Ukudziwa kuti sikaoneka chisawawa. M'zaka zonsezi ndakaona ndi maso kasanu ndi kamodzi kokha. Kamakhala pansi pa ziyangoyango, umakadziwa ndi khutu, ndipo kamawu kake kamafanana ndi ka tizilombo moti ngakhale akatswiri amatembenukira kwa ine kuti ndiwatsimikizire.

Timba, Kasingano kasowa. Chaka chatha nyengo yonse sindinakamve. Chaka chino nthawi yake yakwana, ndikukhala pamwala wathu uja wa kumtunda kwa mathithi m'mawa uliwonse, koma kuli zii. Sabata yatha mayi wina mlendo anandigwira mkono n'kunong'ona kuti wakamva. Ndinatchera khutu, panalibe kanthu. Ndinamuuza kuti ndi nyenje. Munthu akayenda ulendo wautali amamva chomwe akufuna kumva.

Chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Kampani ya matabwa yapemphanso nkhalango ya kumtunda kwa mathithi. Kanayi konse akhala akubwezedwa chifukwa lamulo sililola kudula pomwe pali kambalame kameneka, ndipo umboni wake ndi mabuku anga omwe ndimalemba m'mawa uliwonse. A zankhalango abwera kumapeto kwa Okutobala kudzawawerenga. Akapeza kuti kasowa nyengo ziwiri, macheka alowa.

Unditumizire kope lachikuto cholimba ndi mapensulo awiri, langali latsala masamba ochepa. Undiuzenso za ana.

Ndine bambo ako.


Kutauni, 5 Seputembala

Bambo,

Zikomo chifukwa cha kalata. Tonse tili bwino. Wamng'onoyu waguluka dzino ndipo walamula kuti agogo adziwe. Pepani kuti ndinakhala chete. Wodi ya ana yadzaza, tikugoneka awiri pabedi limodzi, ndipo ndikafika kunyumba ndimagwera pampando yunifolomu ili m'thupi. Kope ndi mapensulo ndawapatsira a Sachedwa.

Za Kasingano zandikhudza. Ndikukumbukira mukundinyamula paphewa kukwera kumathithi, mukunditsina mwendo kuti ndikhale chete, mpaka ndinaphunzira kukasiyanitsa ndi nyenje ndisanadziwe kuwerenga. Koma bambo, ndinene mosabisa. Amayi anatisiya zaka ziwiri zapitazo, ndipo kuyambira pomwepo kalata zanu zonse zimanena za zinthu zomwe zasowa. Chaka chatha munati madzi a m'mathithi sakumveka ngati kale. Lero ndi Kasingano. Ine ndikuona kuti mtima wanu ndiwo watopa, ndipo mukukhala nokha kwambiri paphiripo.

Tsono nkhalangoyo. Ngati chomwe chikuitchinjiriza ndi mzere umodzi m'buku, lembani mzerewo. Angakutsutseni ndani? Anthu a muofesi sasiyanitsa njiwa ndi nkhuku. Mlendo uja anati wakamva, ndiye lembani kuti kanamveka tsiku limenelo. Ine sindikuona tchimo pa bodza lopulumutsa mitengo yomwe inalipo agogo anu asanabadwe.

China ndi ichi, ndipo musakwiye. Zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu si zokwera nazo phiri tsiku ndi tsiku. Chipinda chathu chakuseri chili chopanda munthu. Bwerani mudzapume ngakhale mwezi umodzi, bondolo tidzalionetse kwa adokotala, ana nawonso akudziweni ndi maso osati ndi kalata zokha.

Mundiyankhe Lachisanu likubwerali. Moni kwa amalume.

Ndine mwana wanu.


Ku loji, 13 Seputembala

Timba,

Moni. Kope lafika, zikomo. Umuuze wa dzino loguluka kuti agogo amva.

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko nditakhala pansi. Wakula ndi ntchito ya buku limeneli, lero ukundiuza kuti ndilembemo bodza. Ukudziwa chifukwa chake anthu ophunzira amachoka kutali kudzajambula masamba a munthu yemwe sukulu anaisiyira panjira? N'chifukwa mulibe mbalame yomwe sindinaione kapena kuimva ndekha. Ya mlendo sindilemba, ya amalume ako sindilemba, ya kumaloto sindilemba. Tsiku lomwe ndidzalembe mzere umodzi wabodza, zaka zonse makumi atatu ndi chimodzi zidzasanduka mapepala oyatsira moto. Wandikhumudwitsa, ndipo ndati udziwe.

Amayi ako ndimawasowa, zimenezo sindibisa. Mpando wawo ukadali pomwe anausiya. Koma chisoni changa sichingatseke mbalame pakamwa. Ndiwe namwino wa ana, usandiyese mmodzi wa odwala ako.

Ndiponso si Kasingano kokha. Achoso ndimawaona pamaluwa a pakhonde, koma chaka chino sakuimba. Timbalame tating'ono tonse ta m'njira ya kumathithi tangoti chete. Zatsala ndi zamawu aakulu, njiwa, nkhulukulu ndi makwangwala. Ine ndikukayikira mankhwala omwe akupopera m'minda ya kumunsi. Akupha tizilombo, ndiye timbalame tidya chiyani? Ndinawauza abwana. Mayi amenewa anagula loji zaka zitatu zapitazo, amadziwa mabedi ndi matebulo, za mbalame anandisiyira ine. Anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo alembera kale eni mindayo kalata yaukali.

Chipinda chako chakuseri ugonekemo alendo. Kutauniko ndizikatani, kuwerenga maminibasi? Ndikudziwa mmene zimayambira. Mwezi umodzi umasanduka chaka, kenako nkhalamba ili pakhonde ikuyang'anira zovala zili pachingwe. Ngati mwapangana ndi bambo akunyumba kwako kuti mundichotse paphiri pano, nenani poyera.

Wotchi unandigulira ija yasiya kulira. Nthawi ikuonetsa bwino, koma belu lake lafa. Ukapeza ina yolimba utumize, ngakhale ine ndimadzuka ndekha monga kale.

Ndine bambo ako.


Ku khitchini ya loji, 20 Seputembala

Timba, mwana wa mlongo wanga,

Usadabwe ndi malemba opindikawa, ndine malume ako. Muli bwanji nonse kumeneko? Ine ndili bwino, kungoti ndinapsa ndi mafuta padzanja ndipo bala likuchedwa kupola. Ngati kuchipatala kwanuko kuli kodzola, usandiiwale.

Ndamva kuti mwayambana ndi alamu chifukwa cha kambalame. Ine m'zimenezo mulibemo. Mbalame ndimazidziwa zikakhala m'poto. Chomwe ndalembera ndi wotchi. Usavutike kugula ina, ilibe vuto. Imalira m'mawa uliwonse m'thumba la jekete lawo, tii-tii-tii, mpaka ine ndili kukhitchini ndimaimva. Iwo amangomwa tiyi.

Si wotchi yokha. Tili ndi ketulo ya mluzu ija. Tsiku lina ndinawasiya pafupi nayo ndikupita kukatenga mazira. Pobwera ndinapeza ikulira ngati yaponderezedwa, madzi atatsala pang'ono kuuma, alamu ali phee akusongola pensulo. Ndinati, "Alamu, ketulo!" Anati, "Yatani?" Lachisanu lapitali a Sachedwa akubwerera m'mbuyo ndi galimoto, kabelu kake kakulira, anatsala pang'ono kuwagunda. Atsikana operekera zakudya amawakalipira tsiku ndi tsiku kuti ana amakono amalankhulira m'mano. Koma ine ndi mawu anga a ng'ombewa amandimva bwinobwino, ndiye nkhalamba ikuganiza kuti dziko lonse ndilo lalakwa.

Ndi ukalamba, tonse tikupita komweko. Njiwa akuzimvabe, alendo sakudandaula, ndiye ntchito ikuyenda. Ine kuwauza sindingathe. Umawadziwa bambo ako, ndinayesa kamodzi chaka chatha ndipo sanandilankhule sabata ziwiri, chonsecho timadyera tebulo limodzi. Atsikanawa ndinawaopseza kuti asatsegule pakamwa. Woperekeza alendo wosamva ali ngati wophika wopanda lilime, abwana akadziwa ntchito yatha, ndipo alamu ukawachotsera phiri ili wawaika m'manda.

Ndiye iwe ukhale ngati sunamve kanthu. Ukafuna utumize wotchi yomweyo ya mtundu wina kuti mtima wawo ukhale pansi. Kalatayi uing'ambe.

Ndine malume ako.


Kutauni, 26 Seputembala

Bambo,

Moni kwa inu. Tonse tili bwino. Kalatayi muiwerengere kuchipinda kwanu, muli nokha, ndipo muimalize musanakwiye.

Ndinalakwa kukuuzani kuti mulembe bodza, pepani. Ndinalakwanso kunena kuti ndi chisoni. Vuto ndi lina, ndipo ndachita manyazi kuti ine namwino sindinalione msanga.

Wotchi yanu siinafe. Imalira m'mawa uliwonse m'thumba mwanu. Amalume ndiwo andiuza, ndipo musawakalipire, wakutsina khutu ndi mnansi. Dzulo ndinapita kwa adokotala a makutu kuno kuchipatala n'kuwafotokozera zonse, za wotchi, za ketulo, za foni yomwe mumati imadya mawu. Anati makutu akamakalamba satsekeka nthawi imodzi. Amayamba kutaya mawu owonda, aakulu n'kutsala. Munthu amamva ng'oma koma samva mluzu, ndipo mwini wake sadziwa chifukwa zimachoka pang'onopang'ono.

Bambo, werengani kalata yanu yomwe. Njiwa zilipo, nkhulukulu zilipo, makwangwala alipo. Zasowa ndi zamawu owonda zokhazokha, ndipo lowonda kuposa onse ndi la Kasingano. Achoso akuimba, bambo. Mlendo uja ayenera kuti anamvadi. Ine ndikukhulupirira kuti Kasingano sikanapite kulikonse.

Chonde musasayine chilichonse. A zankhalango akabwera muwauze kuti adikire. Ndapempha tchuthi, ndifika pa 20 Okutobala, iwo asanabwere. Tidzakwera awiri kukakhala pamwala uja. Kamawu kake ndikukadziwa, munandiphunzitsa ndinu. Ndikakamva ndidzakutsinani mwendo, ndipo tidzaona chochita ndi bukulo popanda bodza. Tikatero mudzatsika nane, pali kachipangizo kovala m'khutu komwe kamabweza mawu amenewa.

Ndinagwira foni kuti ndiimbire abwana anu kuofesi ya loji, koma ndinaibweza. Sindikufuna kuti amve kwa ine nkhani yomwe ingakuchotseni ntchito. Nthawi ikadalipo, mwezi wathunthu. Nkhaniyi ikhale ya ife atatu.

Kalatayi ndaipereka m'manja mwa a Sachedwa, pamodzi ndi mankhwala a amalume. Mundiyankhe msanga, ngakhale mawu awiri.

Ndine mwana wanu wokukondani.


Ku loji, 9 Okutobala

Timba mwana wanga,

Moni kwa iwe ndi banja lonse. Milungu inayi yatha osalandira kalikonse kuchokera kwa iwe. Lachisanu lililonse ndimaima pageti, a Sachedwa amatsitsa matumba a mbatata ndi makatoni a sopo, kalata palibe. Ndikudziwa kuti ndinakulembera mwaukali. Ndine bambo ako, mawu ena uzingowalola kudutsa. Ngati wakwiya, kwiya, koma undiuze kuti ana ali bwanji.

Nkhani ija yatha. A zankhalango sanadikire kumapeto kwa mwezi. Kampani inawafulumiza kuti ikufuna kuyamba mvula isanagwe, ndiye anafika Lolemba, awiri, pamodzi ndi bambo wina wa kampani wovala nsapato zatsopano. Anakhala tsiku lonse m'chipinda chodyera akutembenuza mabuku anga. Wamkuluyo anati sanaonepo kaundula wosamalika chotero, palibe tsiku lodumphidwa ngakhale la maliro a amayi ako. Sindikubisa, ndinanyada.

Ndinawapempha kuti tikwere kaye, mwina kangatichitire chifundo. Tinakwera masiku atatu. Tsiku lachitatu tili pamwala, nkhungu ili thoo, wamng'ono wa awiriwo, mtsikana wa msinkhu wako, anapendeketsa mutu.

Anati, "Bambo, nanga kakuti tsii-tsii kumunsiku n'chiyani?"

Ndinatseka maso n'kumvetsera ndi mtima wanga wonse. Kunali njiwa imodzi kutsidya kwa mtsinje, basi.

Ndinati, "Ndi nyenje zimenezo, mayi. Zimanyenga anthu ambiri."

Wa kampani uja anaseka nati, "Mwamva, eni ake anena."

Titatsika anandipatsa pepala lonena kuti kambalameka sikanamveke nyengo ziwiri zotsatizana. Abwana anandiyang'ana nati, "Bambo, mukutsimikiza?" Ndinati ndikutsimikiza. Kenako ndinasayina. Abwana analowa muofesi n'kutseka chitseko, ndipo sanatuluke mpaka alendo atadya.

Mtima ukundiwawa, Timba. Mitengo ina kumtunda kuja anthu anayi sangaizungulire ndi manja. Pamwala paja m'pomwe ndinafunsira amayi ako. Koma Kasingano kanachoka kale, ine ndangonena zoona, ndipo pa zimenezo ndikhoza kuima pamaso pa aliyense. Ukanakhala pano ukanamvetsa.

Lemba, mwana wanga.

Ndine bambo ako.


Kutauni, 13 Okutobala

Bambo,

Kalata yanu ndailandira lero masana pageti la chipatala, ndipo ndaiwerenga nditaimirira pomwepo. Ndinakulemberani pa 26 Seputembala. Ndawafunsa a Sachedwa, analumbira kuti anapereka zonse, kenako anagwira pakamwa. Galimoto ya loji inafa tsiku lomwelo ndipo ili ku galaja mpaka lero, iwo akuyendera yobwereka. Kalata yanga ili m'kabokosi ka kutsogolo kwa galimoto yakufayo.

Sindinadikirenso. Ndaimbira abwana anu ndipo ndawauza zonse: kuti makutu anu asiya kumva mawu owonda, kuti Kasingano kayenera kuti kalipo, kuti athamange kukaletsa pepala lija. Pomwe kalatayi izikufikani mudzakhala mutamva kale, kuchokera pakamwa pa munthu wina, mwina pamaso pa anthu. Ndinkafuna kukupewetsani zimenezi, ndipo poyesa kutero ndachedwetsa zonse. Ndikanaimba foni tsiku lomwe lija simukanasayina.

Ndikhululukireni, bambo. Adokotala a makutu akuti mubwere tsiku lililonse lomwe mungathe. Tsikani, chonde.

Ndine mwana wanu.


Ku khitchini ya loji, 30 Okutobala

Timba,

Moni. Mankhwala afika dzana pamodzi ndi kalata yako ija, zonse zikununkha oyilo wa ku galaja. Bala linapola kale lokha. A Sachedwa akuyenda chozolika, sakuyang'ana munthu kumaso.

Wandifunsa pafoni kuti zinayenda bwanji, netiweki n'kudula. Ndikuuze. Utangoimba, abwana anatuluka muofesi akuthamanga. Anatipeza kuseri kwa khitchini, alamu akutsuka nsapato za alendo, atsikana akusenda mbatata. Sananene zambiri. Anapempha wotchi ija, anaikonza kuti ilire, n'kuima nayo kumbuyo kwa alamu. Inalira mpaka kumaliza. Tonse tinaimva. Alamu anali chiyang'anire kutsogolo, akudikira kuti iyambe. Atatembenuka n'kuona nkhope zathu, anadziwa. Anandiyang'ana ine nati, "Alamu, mumadziwa?" Ndinati eya. Anati, "Kuyambira liti?" Ndinati chaka chatha. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

M'mawa mwake tinakwera atatu. Ine phirili ndakhalapo zaka makumi awiri koma kumtunda kuja ndinali ndisanafikeko. Tisanakhale n'komwe pamwala ndinamva kanthu kakulira chapansi, kowonda, kosalekeza. Abwana anajambula mawuwo pafoni n'kuwatumiza kwa mlendo wina katswiri wa kunja. Anayankha tsiku lomwelo kuti ndi Kasingano.

Alamu anavala jekete la ukwati wako n'kupita ndi abwana kuofesi ya zankhalango. Anaima pamaso pa anthu n'kunena okha kuti ndi ogontha, kuti buku lawo lalakwa zaka ziwiri, kuti awabwezere pepala lawo. Abwana akuti loya wa kampani anawafunsa mwaulemu kwambiri.

"Bambo, inuyo mwakamva kambalameka?"

Alamu anati, "Ayi."

"Nanga mukudziwa bwanji kuti kalipo?"

"Andiuza anzangawa."

"Si inu munatiuza kuti za anthu ena simulemba?"

Za pafoni zija loyayo anati zingajambulidwe kulikonse. A zankhalango agamula kuti atumiza akatswiri awo mvula ikatha, koma chilolezo chinatuluka kale ndipo sangachiimitse. Mtsikana wa zankhalango uja akuti anawatsatira panja akulira, koma iye ndi wamng'ono pantchito.

Macheka analowa pa 23. Amayamba seveni koloko. Alendo atatu achoka masiku awo asanathe. Makapu akunjenjemera pashelefu mtengo waukulu ukagwa, ndipo kugwako alamu amakumva bwinobwino, poti ndi mawu aakulu.

Abwana sanawachotse ntchito. Akuti azisamala maluwa ndi kutsogolera alendo njira ya kumunsi. Sakudya bwino. Kalata yako yochedwayo anaiwerenga atakhala pampando wa mlongo wanga, anaipinda n'kuiika m'buku. Ine ndinkayesa ndikuwateteza, Timba. Ndinali ndi makutu, koma sindinadziwe kuti akufunika kumtunda. Madzi akatayika sawoleka.

Alamu avomera kutsika Lachisanu. Ukawalandire, ndipo usawafunse zambiri.

Ndine malume ako.


Ku loji, 18 Novembala

Timba mwana wanga,

Ndinafika bwino. Uwathokoze bambo akunyumba kwako pondiperekeza kuchipatala masiku onse aja, ndi adzukulu anga pondipirira. Wamng'onoyo ali ndi mawu ngati a amayi ako. Sindinkadziwa, ndinkayesa ndi mwana wamanyazi wosalankhula.

Unalira pondikweza galimoto, ndipo sindinakuyankhe chifukwa a Sachedwa anali pomwepo. Ndikuyankhe pano. Palibe choti ndikukhululukire. Iwe ndi amalume ako munabisa chifukwa mumandidziwa, ndipo munaganiza bwino, ndikanakulumani. Anthu awiri anandiuza pamwala pomwepo kuti akukamva, ine ndinawauza kuti ndi nyenje. Wosayina ndine.

Kachipangizo ka m'khutu komwe anandipatsa adokotala sindinakavale panjira, kapena ku loji. Ndinkaopa. Lachiwiri ndinadzuka ndekha n'kukwera kusanayere, kali m'thumba. Njira ya kumathithi tsopano ndi msewu wa mathirakitala. Ukadutsa mathithi sudzadziwapo. Kumwamba kuli poyera, zitsa zili mbuu mpaka kuphiri linalo, utuchi ukufika m'akakolo, ndipo nkhungu ikungodutsa osapeza pokodwa. Mwala wathu ulipo, anaupaka nambala yofiira. Kumunsi kwake, m'mbali mwa kamtsinje, kwatsala kachigawo ka mitengo ndi ziyangoyango kosakwana bwalo la mpira.

Ndinakhala pansi n'kuvala, kumanzere kenako kumanja, monga anandionetsera adokotala. Choyamba ndinamva jekete langa likukhwekhwereza. Kenako madontho akugwa pamasamba, kenako achoso, ambirimbiri, akukangana ngati pamsika. Ndiyeno ndinakamva. Kanali pafupi, Timba, mapazi khumi kuchokera pomwe ndakhala ndikukhala zaka ziwiri zonsezi. Kamalira katatu n'kupuma, katatu n'kupuma, monga kale. Kena kanayankha kutsidya kwa kamtsinje. Ndi tiwiri, ndipo nyengo ino tiyenera kuti tili ndi chisa.

Ndinalira, sindikubisa. Kenako ndinatulutsa kope unanditumizira lija n'kulemba tsiku, nthawi, ndi mzere wake: Kasingano, tiwiri, ndamva ndekha. Abwana aujambula n'kuutumiza kuofesi kuja. Ayankha kuti akatswiri abwera mvula ikatha.

Seveni koloko anyamata a macheka anafika. Ndi ana aulemu, anandipatsa moni. Ndinamufunsa kapitawo wawo kuti kachigawo kotsalaka afikako liti. Anawerenga ndi zala nati mvula ikapanda kuwasokoneza, Loweruka la sabata yamawa. Ndinayang'ana kumwamba, kunalibe ngakhale kamtambo. Atayatsa macheka phokoso linandilasa m'mutu, ndipo kapitawoyo anandikodola kuti ndivule kachipangizoka. Sindinavule. Machekawo akapuma, kanali kakulirabe.

Ndikukwera m'mawa uliwonse. Amalume ako amandisungira tiyi. Adokotala anati timabatire timatha masiku asanu, koma ine ndikuvala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo tatsala tiwiri. Unditumizire tina Lachisanu lino. Uwapatse a Sachedwa m'manja, uwaone akuika m'thumba la malaya, osati m'kabokosi ka galimoto. Usachedwe nato, mwana wanga. Ndikufuna ndikamve mpaka Loweruka.

Ndine bambo ako.